Musanagule hita, yang'anani kaye denga ndi soketi

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, masitolo a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amatulutsa mahita n'kuwandandalika pafupi ndi khomo, chifukwa eni ake amadziwa kuti Juni ndi Julayi sachitira munthu chisoni, makamaka kumadera okwera monga ku Dedza, ku Ntcheu, ku Thyolo ndi kumapiri a Viphya. Ogula ambiri akalowa amafunsa funso lofanana: "Ndi iti imene imatentha kwambiri koma yosadya mayunitsi?" Wogulitsa sasowa choyankha. Uyu aloza ya mafuta, uyo aloza ya fani, winanso atulutsa kahita kokwana m'manja kamene pakatoni pake alembapo kuti kamapulumutsa magetsi. Zoona zake n'zakuti hita yoteroyo kulibe. Hita iliyonse yolumikiza pa soketi imasandutsa magetsi onse amene yalandira kukhala kutentha, popanda kuonjezera kapena kuchotsera. Yodula ndi yotchipa, zikakhala za mphamvu yofanana, zimatulutsa kutentha kofanana ndipo zimadya mayunitsi ofanana. Munthu akamvetsa mfundo imeneyi amasiya kusakasaka hita yamatsenga n'kuyamba kufunsa zothandiza: kutenthako kukupita kuti, nyumba yake ikusunga kapena ikutaya, nanga mawaya a m'khoma apirira?

Mkati mwa hita mulibe chinsinsi. Muli waya kapena kachitsulo kamene magetsi amadutsamo movutikira, ndipo kuvutikirako ndi kumene kumabala kutentha, monga zimachitikiranso mu ketulo ndi pa mbale ya sitovu. Mphamvu yake imayezedwa m'mawati, ndipo nambala yake imalembedwa pa kachikwangwani komata kunsi kapena kumbuyo, yotsatana ndi chilembo cha W. Kachikwangwani kameneko muziwerenga musanafunse n'komwe mtengo. Yuniti imodzi imene mumagula ku ESCOM ndi mawati 1,000 ogwira ntchito ola limodzi. Choncho hita ya mawati 2,000, yomwe ndi yofala kwambiri m'masitolo, imadya mayunitsi awiri pa ola ikamayaka ndi mphamvu zake zonse. Mukaiyatsa 5 koloko madzulo n'kuizimitsa 10 koloko usiku, mayunitsi 10 apita. Mukatero Julayi yense, mwadutsa 300. Kuti mababu a LED a mawati 9 adye magetsi ngati amenewo, pafunika kuyatsa oposa 200 nthawi imodzi. N'chifukwa chake banja limene linazolowera kuti mayunitsi amalifikitsa kumapeto kwa mwezi limadabwa mita ikuyamba kulira sabata yachiwiri, mpaka kumaganiza kuti yawonongeka kapena oyandikana nawo akuwabera. Mitengo ya magetsi imasintha bungwe la MERA likavomereza, koma masamuwa sasintha. Tengani risiti yanu yomaliza, gawani ndalama munalipira ndi mayunitsi munapatsidwa, chulukitsani kawiri, ndipo mwapeza mtengo wa ola limodzi la hita imeneyo.

Amene ali ndi hita ya mafuta, ija yokhala ndi mapiko achitsulo ndi timatayala, amakana mfundoyi. Amati yawoyo ndi ina, chifukwa ukaizimitsa imakhalabe yotentha kwa nthawi ndithu, ndipo kutentha kumeneko n'kwaulere. Zimene amaonazo n'zoona, koma kwaulere ayi. Mafuta a mmenemo sayaka ndipo satha. Anawatsekeramo kufakitale kuti azinyamula kutentha kuchoka pa waya kupita m'mapiko. Mukaiyatsa, mphindi 20 kapena 30 zoyambirira mita imakhala ikuthamanga chipinda chidakali chozizira, popeza magetsi akutenthetsa kaye mafuta ndi chitsulo. Kutentha kumene mumamva mutazimitsa ndi komwe munalipira poyamba paja, kwangobwera mochedwa. Nako kahita kakang'ono kolembedwa kuti kamapulumutsa magetsi kamadyadi mayunitsi ochepa, koma chifukwa chake n'chakuti ndi ka mawati 400 kapena 500 ndipo kutentha kwake n'kochepa momwemo. Makina okhawo amene amapereka kutentha koposa magetsi amene adya ndi air conditioner yotha kutenthetsa, chifukwa iyo sipanga kutentha koma imakukoka mumpweya wa panja n'kukulowetsa m'nyumba, moti pa yuniti imodzi imatha kupereka kutentha kwa mayunitsi atatu. Koma imeneyo ndi yomangirira kukhoma, mtengo wake ndi nkhani ina, ndipo si imene anthu ambiri amapita kukagula.

Kusiyana kwenikweni kwa mahita kuli pa kumene amatumiza kutenthako. Ena amatenthetsa mpweya wa m'chipinda, ndipo munthu amafundidwa chifukwa ali mu mpweyawo: awa ndi a fani, a mafuta ndi aja opyapyala oimika pafupi ndi khoma. Ena amawomba thupi mwachindunji mosadikira kuti mpweya utenthe: awa ndi a timachubu tofiira kapena towala, amene ena amawatcha a halogen kapena a quartz. Apa ndi pamene nyumba imalowa m'nkhani. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba. M'nyumba zambiri za lendi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, m'mwambamo muli malata opanda siling'i, pakati pa khoma ndi denga pali mpata, mawindo ndi a magalasi opingasa amene satsekeka bwinobwino, kunsi kwa chitseko kumalowa dzanja, ndipo pansi ndi simenti. Kuyatsa hita ya fani ya mawati 2,000 m'nyumba yotere ndi kutungira madzi m'dengu. Mpweya umene yatenthetsa umakagunda malata ozizira, wina n'kutulukira m'mipata, wozizira n'kulowera kunsi kwa chitseko, ndipo mapazi amakhalabe ngati sanayatse kanthu pamene mita ikuwerenga mayunitsi awiri ola lililonse. Mwini wake amadzati anamugulitsa hita yabodza, pomwe hitayo yagwira ntchito yake ndipo ndi nyumba imene yataya.

Kwa nyumba yotere, ndiponso kwa aliyense amene akufuna kudzitenthetsa yekha osati chipinda chonse, ya timachubu ndiyo yanzeru. Yambiri imabwera ndi timachubu titatu ta mawati 400, kalikonse ndi switchi yake. Mwana wasukulu amene akuwerenga patebulo, mayi wosoka usiku kapena agogo amene akhala pampando akumvera wailesi safuna zoposa kachubu kamodzi kapena tiwiri, atayang'anizana nako. Kachubu kamodzi kwa maola atatu ndi yuniti imodzi ndi kachidutswa. Kuipa kwake n'kwakuti kutentha kwake kumafika mbali yokhayo imene yayang'ana, msana umazizidwabe, ndipo mukazimitsa kuzizira kumabwerera pompo. Choopsa kwambiri n'chakuti timachubuto timatentha mokwanira kuyatsa nsalu, pepala kapena thovu la matiresi, ndipo tizitsulo totchinga kutsogolo timatha kuwotcha dzanja la mwana wokwawa. Hita imeneyi ndi ya munthu amene ali maso ndipo ali pomwepo. Si yogona nayo.

Chipinda chokhala ndi siling'i, chitseko chotsekeka bwino ndi makatani ochindikala chimasunga kutentha, ndipo mmenemo ndi mmene hita ya mafuta imaonetsa ubwino wake. Ilibe phokoso, ilibe waya wofiira woonekera, siwulutsa fumbi, ndipo kutentha kwake kumabwera mofatsa. Ya fani imatenthetsa msanga, n'chifukwa chake imathandiza m'mamawa pokonzekeretsa ana, koma phokoso lake limatopetsa ndipo ikadzaza fumbi imanunkha. Pa kukula, ogulitsa amawerengera mawati pafupifupi 100 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, kutanthauza kuti chipinda chogona cha mamita 3 mbali ina ndi 4 mbali inayo chimafuna mawati 1,200 kapena kuposerapo pang'ono. Koma chofunika kuposa kukula ndi kachipangizo kotchedwa thermostat, kaja kopotokola kamene kamazimitsa hita chipinda chikafunda n'kuiyatsanso chikayamba kuzizira. Mukamva kakuti "thi" n'kuona kanyali kazima, dziwani kuti nthawi imeneyo mita yaima. Apa pokha ndi pamene hita ina imaposa inzake pa mayunitsi: yokhala ndi thermostat m'chipinda chotsekeka imayaka mwa apo ndi apo, pamene yopanda imayaka mpaka wina adzuke kukaizimitsa. Ambiri amakapotokola kufika kumapeto poganiza kuti chipinda chifunda msanga. Sichifunda msanga, kungoti hitayo siizimanso. Ndipo palibe chifukwa chofunira kuti m'nyumba mutenthe ngati ku Nsanje mu Okutobala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a za nyumba ndi thanzi a mu 2018, linati madigiri 18 ndi abwino poteteza thanzi la anthu m'nyengo yozizira, ngakhale okalamba, ana ndi odwala angafune kuposerapo. Madigiri 18 ndi pamene munthu wovala juzi amakhala bwinobwino.

Ngati vuto ndi usiku pabedi pokha, hita mwina si yofunika n'komwe. Bulangete lamagetsi limadya mawati 100 kapena kucheperapo chifukwa limatenthetsa pogona pokha, moti ngakhale litayaka maola angapo silimaliza yuniti imodzi, kungoti si la makanda ndipo likayamba kuthetheka mawaya ndi lotaya. Botolo la labala la madzi otentha limangofuna kuwiritsa ketulo kamodzi. Nsalu yakale yopinda kunsi kwa chitseko, mkeka kapena kapeti pasimenti, ndi makatani otseka dzuwa likangolowa zimachepetsa mphepo popanda kukhudza mita. Ndipo mwini nyumba amene ali ndi ndalama zogulira mahita atatu achita bwino kuziika ku siling'i, imene idzamuthandizanso pa kutentha kwa Okutobala.

Tsopano soketi, imene ogula ambiri saiganizira. Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo pulagi yathu ndi ya mano atatu amakona ngati ya ku Britain, yokhala ndi fyuzi ya maampu 13 mkati. Malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000. Hita ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9, ndipo imakoka kwa maola, osati mphindi zitatu ngati ketulo. Soketi ya pakhoma yomangidwa bwino imapirira. Ekisitenshoni yotchipa ya pamsika, ya waya woonda mkati ngakhale kunja ukuoneka wonenepa, siipirira; imafunda, pulasitiki imafewa, ndipo moto umayambira pamenepo, kawirikawiri kuseri kwa sofa kapena kunsi kwa kapeti kumene palibe akuona. Mukaonjezera ketulo kapena ayironi pa ekisitenshoni yomweyo, mwadutsa malire a maampu 13 aja. Hita iyenera kulowa pa soketi ya pakhoma yokhayokha. Ikayaka theka la ola, gwirani pulagi. Kufunda pang'ono si vuto, koma ikamatentha moti simungaigwire, kukamamveka fungo la pulasitiki, kapena pa soketi pakaoneka zipsera zofiirira, zimitsani ndipo muitane wodziwa zamagetsi. Nyumba zimene mawaya anakokera ku zipinda zoonjezera mongolumikiza ndi tepi, monga zimachitikira m'mapuloti ambiri a lendi, zimafunika kuonedwa hita isanagulidwe.

Palinso nkhani ya kumene hitayo yachokera. Zambiri zimabwera kuchokera ku South Africa, kaya pa basi ndi achibale ogwira ntchito ku Johannesburg, kumene usiku wa Juni umazizira mpaka madzi kuundana nthawi zina, kaya kudzera m'masitolo. Magetsi a kumeneko ndi ofanana ndi athu, koma pulagi yake ndi ya mano atatu akuluakulu obulungira, yosalowa m'soketi zathu. Zina zimabwera ndi pulagi ya mano awiri. Zimene anthu amachita tonse timaziona: kutsegula bowo la pamwamba ndi chotsekera bolopeni n'kukankhiramo mano awiriwo, kapena kudula pulagi n'kulowetsa mawaya osavala atapanikiza ndi timitengo ta machesi. Pa chaja ya foni ndi zoopsa kale, pa hita ndi kuitana moto, chifukwa polumikiza pokhwepa ndi pamene pamatentha. Njira yake ndi yotchipa: gulani pulagi yabwino ya fyuzi ya maampu 13, wodziwa akumangireni, ndipo waya wachitatu wa earth asasiyidwe, makamaka pa hita ya thupi lachitsulo, popeza ndi umene umateteza munthu waya wa mkati ukakhudza chitsulo. Hita ya kaunjika si yoipa mwa iyo yokha, koma werengani kachikwangwani. Yochokera ku America ndi ya mavoti 120, ya ku Japan ndi ya 100, ndipo pa magetsi athu zimapsa. Payenera kulembedwa 220 mpaka 240. Chingwe chong'aluka, mafuta odontha kapena kachikwangwani kochotsedwa ndi zifukwa zokwanira zoisiyira pomwepo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lilipo kuti lizionetsetsa ubwino wa katundu, koma silingakhale pa benchi iliyonse ya mumsika, choncho maso a wogula ndi amene amatsala.

Ngozi zambiri za hita sizichokera mkati mwake koma pa zimene zaiyandikira. Ozimitsa moto m'mayiko ambiri amalangiza kuti pakhale mpata wa mita imodzi pakati pa hita ndi chilichonse choyaka. M'chipinda chaching'ono chokhala ndi bedi, neti ya udzudzu yolendewera, katani ndi dengu la zovala, mita imodziyo imavuta kuipeza, ndipo ngati palibe ndiye kuti hita ilibe malo mmenemo. Chiyeso chachikulu chimabwera ndi chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu zija zimene zimakuta Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Zomba kwa masiku angapo. Matewera sauma, yunifolomu ya mwana idakali yonyowa Lamlungu usiku, ndipo dzanja limangopita lokha kukayanika pa hita. Nsalu ikaphimba hita, kutentha kumasowa kotulukira n'kuunjikana mpaka nsaluyo kapena pulasitiki kuyaka. Yanikani pa mpando patali, zidzauma ndithu. Kubafa hita yonyamula isalowe. Pogula, funani zinthu ziwiri zimene sizioneka pakatoni yokongola: switchi yozimitsa hita ikagwa, ndi chozimitsa ikatentha mopitirira. Yoyambayo mutha kuiyesa m'sitolo momwemo. Pemphani aiyatse, kenako muipendeketse. Ikapitiriza kuyaka ili chogona, si ya nyumba ya ana, agalu kapena amphaka, ndipo kutchipa kwake kusakukopeni.

Wina anganene kuti zonsezi n'zopanda phindu m'dziko limene magetsi amathima nthawi imene akufunika kwambiri. Dandaulo limeneli lili ndi maziko. Magetsi athu ambiri EGENCO imapanga pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Madzulo, pamene aliyense akuphika, ndi pamene magetsi amaperewera, ndipo ndi nthawi yomweyo ya hita. Amene ali ndi sola asaganize kuti apulumuka: batire ya mavoti 12 ya 100Ah imasunga yuniti imodzi ndi kachidutswa, ndipo hita ya mawati 2,000 ingaimalize mphindi 40 zisanakwane, ngati inverter yake ingapirire n'komwe. Koma kuthimathima kwa magetsi sikuchotsa kufunika kosankha bwino. Kumabweretsa ngozi ina imene anthu a m'mayiko a magetsi odalirika saidziwa. Magetsi akathima 7 koloko, banja limagona kapena kuchoka osakumbuka kuti switchi ya hita idakali yoyatsa. Mumdima wina amaponyapo chitenje kapena kukankhira mpando pafupi. Pakati pausiku magetsi amabwera, ndipo hita imayaka yokha popanda woiona.  Magetsi akangothima, chinthu choyamba ndi kuzula hita pa soketi.

Kutsutsa kolemera kuposa konse n'kwa mbaula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira ndi magetsi, ndipo ngakhale m'nyumba zimene muli magetsi, mbaula yatha kuphika nsima idakali ndi moto, bwanji osailowetsa m'nyumba n'kuotha kwaulere? Palibe angakane kuti ndi yotchipa, ndipo kunyoza munthu amene alibe njira ina n'kupanda chilungamo. Koma makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa. Umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya umene thupi likufuna. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, koma munthu wogona samva zizindikiro zimenezo. Makala ofiira opanda utsi, amene ambiri amati apsa bwino ndipo ndi otetezeka, amautulutsabe. Nyengo yozizira ikafika, nkhani za anthu opezeka atafa m'chipinda chotseka, mbaula ili pakati, zimamveka kuno ngakhalenso ku South Africa. Hita yamagetsi ili ndi ngozi zake zimene tazitchula, koma iyi ilibe: siwotcha makala kapena mafuta, siitha mpweya m'chipinda monga ena amaopera, ndipo situlutsa poizoni. Amene akuotha mbaula aothere pakhonde kapena windo lili lotsegula, ndipo ituluke panja munthu woyamba asanagone. Wina akapezeka wafooka m'chipinda chotere, mutulutseni kumphepo msanga n'kuthamangira naye kuchipatala.

Amene ali pangozi kwambiri ndi alonda. Amachezera usiku wonse wa Julayi m'kanyumba ka pageti, kakang'ono, ka zenera limodzi, ndipo kuzizira kukafika pachimake cha m'ma 3 koloko amatseka chitseko n'kukokera mbaula pafupi ndi miyendo. Mabwana ambiri amadziwa zimenezi ndipo amangoti ndi mmene zimakhalira. Kanyumba kameneko kawirikawiri kali kale ndi babu, kutanthauza kuti magetsi anafikako. Soketi yomangidwa bwino, jekete lochindikala ndi hita ya kachubu kamodzi ka mawati 400 yokhala ndi switchi yozima ikagwa zingachotse mbaula mmenemo. Kwa maola 10 a usiku, kachubu kameneko kamadya mayunitsi anayi. Inu amene muli ndi mlonda pageti, muwerengereni mayunitsi anayi amenewo chaka chino.